Aphunzitsi amene anatigwira dzanja

Nangozo (woyang'anira gulu):
Moni nonse abale ndi alongo. Lero ndi pa 5 Okutobala, tsiku lokumbukira aphunzitsi padziko lonse. Pagulu pano timachezera mitengo ya chimanga, feteleza ndi ndale tsiku ndi tsiku, koma lero tisiye kaye zimenezo. Aliyense atiuze za munthu mmodzi amene anamuphunzitsa chinthu chimene akudyera lero. Kaya ndi wa ku pulayimale, wa ku sekondale, mmisiri, wa ku Sande sukulu kapena ku madrasa, onse ndi aphunzitsi. Pempho langa ndi limodzi: musalembe maina awo enieni kapena manambala a foni, chifukwa gulu ndi lalikulu ndipo eni akewo sitinawapemphe. Ingonenani zimene anakuchitirani.

Bambo a Tadala:
Ndiyambe ine, mayi. Ndinalowa sitandade 1 mu 1994, chaka chimene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Amene munalipo mukukumbuka mmene ana anasefukirira. Dziko lonse ophunzira anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Kwathu ku Kasungu kalasi yathu inali pansi pa mkuyu, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu. Tinakhala pamodzi ndi anyamata a mawu a besi amene dzulo lake ankaweta ng'ombe.

Aphunzitsi athu anali mtsikana wamng'ono ndithu. Makope tinalibe, ndiye ankatiuza kuti aliyense asalaze dothi patsogolo pake ndi chikhatho. Kenako ankayenda mzere ndi mzere, mwana ndi mwana. Atafika pa ine anagwada, chitenje chawo chikukhudza fumbi, n'kugwira chala changa chamkombaphala. "Zungulira, tsika, kamchira." Ameneyo anali "a". Ine ndine wamanzere, ndipo masiku amenewo ana amanzere ankamenyedwa pa zala mpaka asinthe. Iwo anangoyang'ana dzanja langa n'kusamukira mbali inayo, kugwira lamanzere lomwelo. Lero ndimalemba mabuku a ndalama pa kampani ina ku Kanengo, ndi dzanja lomwelija.

Nangozo:
Munakawaonako, bambo?

Bambo a Tadala:
Anasamutsidwa tili sitandade 3. Ndafunsafunsa, ena amati anakwatiwa ku Mzimba. Sindinawapezebe.

Agogo Aphunzitsi (opuma):
Mwana wanga a Tadala, ndawerenga uthenga wanu kawiri, misozi ili m'maso. Si ine amene ndinakuphunzitsani, ine ndinali ku Dowa, koma ndine mmodzi wa aphunzitsi a 1994 aja. Boma linatilemba anthu pafupifupi 20,000 opanda maphunziro a uphunzitsi. Ambiri tinali ndi JCE yokha. Anatisula masabata ochepa chabe n'kutipatsa choko, basi pitani. Anzathu amene anadutsa ku koleji ena ankatiyang'ana pansi, makolo ena ankati ana awo akuphunzitsidwa ndi ana anzawo. Usiku ndinkakhala pa koloboyi kukopera skimu (ndondomeko ya zophunzitsa) ya mnzanga wachikulire, kuti mawa ndisakachite manyazi pamaso pa ana. Pulogalamu ya MIITEP, yosula aphunzitsi amene anali kale pantchito, itayamba mu 1997 ndi pamene tinayamba kupita ku ma TTC (makoleji a uphunzitsi) mosinthana, miyezi itatu ku koleji, kenako kubwerera kusukulu kukapitiriza kuphunzira uku tikuphunzitsa. Ine ndinapita ku Kasungu TTC.

Ndinene chimene chimandiwawa, poti mwatipatsa bwalo. Mwana akamaliza ku yunivesite amathokoza alekichala, amathokoza aphunzitsi a masamu a fomu 4. Ndi bwino ndithu. Koma amene anamupukuta mamina, amene anamuperekeza kuchimbudzi, amene anamuphunzitsa kuti "ma" ndi "ma" ndi "mama", palibe amawakumbuka. Ku phwando la digiri sitiitanidwa. Sikuti tikufuna mpunga ndi nyama ayi. Timangofuna kudziwa kuti kamwana kaja kanathera kuti.

Nabanda (Leeds):
Agogo, mawu anuwo andilasa. M'mera mpoyamba, zoona. Ine ndithokoze awiri. Oyamba ndi a sitandade 1 amene mwandikumbutsa lero, ndipo ndiwafunafuna. Achiwiri ndi amene anandibweza kusukulu.

Ndinatenga mimba ndili fomu 2. Kunyumba nkhani inali itatha kale: bambo anati sukulu yathera pomwepo, amalume anali atayamba kukambirana ndi akuchimuna. Aphunzitsi athu a Biology, mayi wamasiye wa ana anayi, anapalasa njinga kubwera kumudzi tsiku Loweruka. Anakana mpando, anakhala pa mphasa pamodzi ndi amayi anga. Anafotokoza kuti kuyambira 1993 boma linalola kuti mtsikana akabereka abwerere kusukulu. Kumudzi kwathu palibe ankadziwa zimenezo, ngakhale a mfumu. Bambo anati, "Nanga manyaziwo?" Iwo anayankha kuti, "Manyazi amatha, bambo. Umphawi ndiwo sutha." Anabweranso mwana atabadwa, atanyamula sopo ndi makope. Kalata yopempha malo analemba ndi iwo, n'kundipezera malo pa CDSS ina yapafupi kuti anzanga akale asamandiseke.

Ndinakhoza MSCE, ndinapita ku Kamuzu College of Nursing, lero ndikugwira ntchito kuno ku England. Mwana uja ndi mnyamata wamkulu tsopano. Nditapita kumudzi ndinapeza mayi aja atapuma ntchito, akukhala m'nyumba yofolera udzu, yodontha. Ndinagula malata. Analira, nanenso ndinalira. Koma chimene anasunga mosamala si lisiti ya malata, ndi chithunzi changa nditavala yunifolomu ya unamwino. Anachipachika pabalaza pakati pa zithunzi za ana awo.

Abiti wa ku Mangochi:
Achemwali a Nabanda, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayi amenewo Mulungu awasunge.

Mnyamata wa ku Chinsapo:
Pepani akuluakulu, ine ndisaname. Ndawerenga zonsezi ndipo ndikusangalala nanu, koma si tonse tili ndi nkhani zokoma. Ine kusukulu ndinkapita ndi mantha. Ukachedwa, chikwapu. Ulibe yunifolomu, bwerera. Walephera samu, kakumbe dzenje la zinyalala anzako akuphunzira. Mphunzitsi wina anandimenya khofi m'khutu ndili sitandade 6, mpaka lero khutu limenelo silimva bwino. Wina ankaphunzitsa theka m'kalasi, theka linalo ku "part time" ya ndalama, ife osauka n'kumangoona. Ndipo tisabise, alipo aphunzitsi amene anawononga atsikana m'malo mowateteza. Ndiye mukati tithokoze aphunzitsi, ine mtima umakana.

Bambo a Tadala:
Achimwene, lero ndi tsiku lothokoza. Zodandaula tikanaika tsiku lina.

Nangozo:
Ayi bambo a Tadala, musiyeni alankhule. Zimene wanenazi zinachitikadi, ndipo ambiri pano tinazionako.

Agogo Aphunzitsi (opuma):
Mwana wanga wa ku Chinsapo, pepa. Ndikunena ngati mphunzitsi, pepa ndithu. Amene anakumenya khutu analakwa, ndipo kuchuluka kwa ana kapena kuchedwa kwa malipiro si chifukwa chopwetekera mwana. Aja owononga atsikana asamatchedwe n'komwe aphunzitsi, malo awo ndi kupolisi. Palibe akukukakamiza kuthokoza munthu amene anakupweteka. Koma ndikufunse: ntchito imene ukugwira lero anakuphunzitsa ndani?

Mnyamata wa ku Chinsapo:
Zikomo agogo. Ndine makaniko. Anandiphunzitsa ndi bambo ena a galaja ku Biwi. Ndinapita kumeneko nditasiya sukulu, ntchito yanga inali kutsuka ma sipanala ndi kuthamangira madzi. Iwo sankalankhula zambiri. Galimoto ikabwera ankandiuza kuti, "Usagwire kanthu, tamvera kaye." Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injini, chogwirira pa khutu langa labwinoli, kuti ndimve pamene pakugogoda. Anazindikira okha kuti khutu lina silimva, sanandifunse, ankangoima mbali yoyenera akamandilankhula. Nditamanga injini yanga yoyamba n'kulira, anandipatsa bokosi lawo lakale la zitsulo. Amenewo ndiye ndikhoza kuwathokoza ndi mtima wonse. Ndimawaona mwezi ndi mwezi, shuga wawavuta masiku ano, ndimawaperekeza kuchipatala.

Nabanda (Leeds):
Amenewo ndi aphunzitsi enieni, mchimwene wanga. Uziwakumbutsa kumwa mankhwala pa nthawi yake ndi kuyang'ana mapazi awo tsiku lililonse, shuga amayambira kumeneko kuvulaza.

Wa ku Joni:
Nkhani ya mng'ono wangayu ikufanana ndi yanga. Ine ndinalephera mayeso a sitandade 8, ndinabwereza, osasankhidwabe. Amalume ananditengera ku Ndirande kwa mmisiri wowotcherera. Tinkapanga mafelemu a zitseko, mawindo, mageti ndi mbaula. Abwana anga aja anali okhwima pa muyezo. Ukadula chitsulo osayeza kawiri, ankakuuza kuti ukagule china ndi ndalama yako ya nkhomaliro. Ndinkaona ngati nkhanza. Koma ndi iwo omwewo anandilipirira trade test, ndipo tsiku la mayeso anandibwereka magalasi awo owotcherera ndi ovolosi yawo yatsopano. Kuno ku Germiston ndimagwira ntchito ndi anthu a mayiko osiyanasiyana, ndipo geti yanga sibwezedwa. Ndinkawatumizira kangachepe pa Mukuru nthawi ya Khirisimasi, koma nambala yawo inasiya kulira chaka chatha. Mtima wanga suli m'malo.

Abiti wa ku Mangochi:
Kwathu kuno kunyanja vuto lake ndi lina. Mnyamata akafika sitandade 5 amaona anzake akubwera ndi ndalama ya usipa, ena akuchokera ku Joni ndi foni ndi njinga yamoto. Sukulu imaoneka yochedwetsa. Ahedi athu ankadzuka m'mamawa kupita kudoko, belu lisanalire. Ankaima pamene akukokera makoka, n'kumaitana ana ndi maina mmodzimmodzi. Sankakalipa. Ankangoti, "Tiye, mpando wako ukukudikira." Asodzi ena ankawanyoza, iwo osatekeseka. Mchimwene wanga anabwezedwa choncho kangapo, lero ndi mlangizi wa zaumoyo.

Ndithokozenso a mwalimu a ku madrasa. Makolo ena ankaopa kuti sukulu za mishoni zisintha ana chipembedzo, mantha akalekale amenewo. A mwalimu athu ankanena poyera kuti m'mawa mwana apite kusukulu, masana abwere ku madrasa, zonse ndi maphunziro. Mtsikana akajomba kusukulu, ku madrasa ankamufunsa chifukwa. Chipanda iwo, bambo anga sakanandilola kupitirira sitandade 4.

Mlongo wa ku Chipata:
Moni a ku Malawi, kuno ku Zambia tikuwerenga nanu. Nkhani ndi zomwezi, kungosiyana maina: inu mumati sitandade, ife timati giredi. Ine aphunzitsi anga a giredi 7 ankatiphunzitsa madzulo kwaulere pakhonde pa nyumba yawo, akazi awo n'kumatiwotchera chimanga. Boma litachotsa malipiro a sukulu mpaka giredi 12 mu 2022 n'kulemba aphunzitsi oposa 30,000, mwana wanga woyamba anali m'gulu la olembedwawo. Ndinamutenga kupita naye kwa aphunzitsi anga aja kuti akamuone. Anamugwira mutu n'kumudalitsa, n'kumuuza kuti asamachoke m'kalasi mwana wa kumbuyo asanamve.

Mwana wa mlimi (Salima):
Ine ndikumbuke njala ya 2002. Amene munali m'midzi mukudziwa, anthu ankadya madeya, ena mizu ya nthochi. M'kalasi mwathu tinatsala ochepa, enawo analibe mphamvu zoyendera. Aphunzitsi athu a sitandade 7 nawonso anali ataonda, kolala ya malaya ikuchita kulendewera. Koma tsiku lililonse pa buleki ankaitana ana awiri kapena atatu kuti "mukandithandize kunyamula makope kunyumba". Ukafika, makope palibe. Akazi awo akupatsa kapu ya phala, umwe msangamsanga ubwerere. Ankasinthasintha ana kuti aliyense imufike nthawi yake, ndiponso kuti wina asachite manyazi. Masiku ano m'sukulu zambiri muli phala la Likuni, a Mary's Meals ndi mabungwe ena akudyetsa ana. Nthawi imeneyo kwathu kunalibe, phala linkachokera m'thumba la mphunzitsi wa PT4, giredi ya malipiro ochepa.

Anamwalira zaka zingapo zapitazo. Ndinamvera pa Facebook maliro ataikidwa kale. Ndinapita kukapepesa kwa mayi aja. Anandizindikira, ananditchula dzina langa laubwana.

Nangozo:
Mzimu wawo uuse mumtendere. Abale, nkhani ngati imeneyi ndi imene inandichititsa kufunsa ngati munakawaona. Mawu okoma a pamaliro mwini wake samva.

Mphatso wa zala:
Moni nonse. Ine ndine wosaona, mauthenga anuwa foni ikundiwerengera. Ndinasiya kuona ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha chikuku. Kumudzi anthu anali atagamula kale kuti ndidzakhala wopemphetsa. Amene anasintha zonse ndi mphunzitsi wina amene anaphunzira ku Montfort, ku Nguludi, kumene amasula aphunzitsi a ana olumala. Anamva za ine kutchalitchi, n'kubwera kudzakambirana ndi makolo kuti ndipite ku sukulu ya osaona ya Chilanga ku Kasungu.

Braille, zilembo za osaona, ndi timadontho tisanu n'kamodzi basi, koma kuti chala chizolowere pamafunika kuleza mtima kwakukulu. Polemba ndi kachitsulo kobowolera umayambira kumanja kupita kumanzere, kenako n'kutembenuza pepala kuti uwerenge. Mutu unkazungulira. Aphunzitsi anga anatenga thireyi ya mazira n'kuidula kuti patsale mabowo asanu n'limodzi, n'kumaikamo timiyala. "Kamwala kamodzi pamwamba kumanzere, ameneyo ndani?" Ine: "a!" Tinachita choncho mpaka zilembo zonse zinalowa, kenako tinapita pa pepala. Pa mayeso ankakhala mpaka usiku kumasulira mayankho athu kuti ochonga awerenge. Lero ndine mphunzitsi nanenso, ndipo thireyi ya mazira sisowa m'kalasi mwanga. Iwo ali moyo, ndimawaimbira Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi.

Mnyamata wa ku Chinsapo:
Akulu, nkhani yanuyi ndawerengera anzanga pagalaja pano. Ulemu wanu.

Madamu a sitandade 2:
Ndakhala chete kuyambira m'mawa, ndinali m'kalasi. Ndine mphunzitsi kumudzi wina ku Phalombe. Pa pepala amati mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, ine ndili nawo oposa 100. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 sukulu yathu inasanduka msasa wa anthu othawa madzi, ndipo titatsegulira ana ena sanabwerenso. Kuitana maina m'kaundula masiku amenewo kunali kowawa.

Mwafunsa zothokoza, ndiye ndikuuzeni chimene chimatifika pamtima ife amene tidakali pa choko. Mphatso ndi yabwino, sitikana. Koma mukabwera kumudzi pa holide kapena pamaliro, patukirani kusukulu imene munaphunzira. Pemphani ahedi mphindi khumi pa asembule. Imani pamaso pa ana muwauze kuti, "Ine ndinkakhala pansi pa mtengo uwo, lero ndine namwino, ndine makaniko, ndine wowotcherera." Ana athu ambiri sanaonepo munthu wa m'mudzi mwawo amene sukulu inamupindulira. Ife tikanena amati ndi nyimbo ya aphunzitsi. Mukanena inu amakhulupirira. Ndipo mukabweretsa makope kapena choko, musaiwale makalasi aang'ono. Alendo ambiri amathamangira ku sitandade 8 chifukwa cha mayeso, pamene mwana amene sanadziwe kuwerenga mu sitandade 2 ku 8 sakafikako n'komwe.

Nabanda (Leeds):
Madamu, ndamva. Ndikubwera mu Disembala koma sukulu zidzakhala zitatsekera. Kodi ndingachite bwanji?

Madamu a sitandade 2:
Ngati mungafike sabata yotsekera isanakwane ndi bwino, tsiku lotsekera makolo amabweranso kudzamva zotsatira. Zikakanika, kumanani ndi a mother group, amayi aja amayenda khomo ndi khomo kulondola atsikana amene asiya sukulu. Nkhani yanu ya kubwerera mutabereka akaimva kuchokera pakamwa panu, idzawathandiza kwambiri pokambirana ndi makolo.

Angoni a ku Ntcheu:
Ndachedwa kulowa, ndinali kudimba. Ine ndithokoze m'malo mwa amayi anga, iwo foni yotere alibe. Anaphunzira kulemba ali ndi zidzukulu kale, ku sukulu ya kwacha. Mlangizi wawo anali mnyamata wongodzipereka, kamalipiro kake kosakwana n'thumba la feteleza lomwe. Kale polandira chilichonse amayi ankadinda chala, ndipo ankabwera kunyumba akubisa chala cha inkicho m'chitenje. Tsiku limene anasaina dzina lawo koyamba ku banki m'khonde anaphika nkhuku. Mpaka lero akakolola mbatata, dengu loyamba limapita kwa mlangizi uja.

Wa ku Joni:
Abale, funso langa ndi ili. Munthu amene nambala yake yasiya kulira, kapena mphunzitsi amene anasamutsidwa kalekale, timamupeza bwanji?

Agogo Aphunzitsi (opuma):
Kwa aphunzitsi a boma si kovuta kwambiri. Yambirani pa sukulu pomwepo, funsani mphunzitsi amene wakhalitsa kapena a komiti ya sukulu. Zikakanika pitani ku TDC, likulu la aphunzitsi a zoni imeneyo, mukaonane ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, iwo amadziwa amene anasamukira kuti ndi amene anapuma. Nenani chaka ndi kalasi, chifukwa amayi ambiri anasintha maina atakwatiwa. Kutchalitchi kapena kumzikiti kumene ankapemphera nakonso amadziwa kwawo kwa munthu. Ndipo mukawapeza musadabwe akapanda kukuzindikirani msanga, tinaphunzitsa ana ambirimbiri ndipo maso anatha ndi fumbi la choko. Tchulani dzina la bambo anu ndi mudzi, mudzaona akukumbuka ngakhale pamene munkakhala.

Kwa amisiri ndiye funsani amisiri anzawo. Owotcherera a dera limodzi amadziwana onse.

Nangozo:
Zikomo agogo. Amene mukufunafuna aphunzitsi anu, lembani boma ndi zoni yokha pano, maina mutumizirane kumbali. Gulu lino lili ndi anthu pafupifupi m'maboma onse, wina adzapezeka wapafupi.

Mayi a Chikondi (Blantyre):
Achimwene a ku Joni, ine ndimakhala ku Ndirande konkuno, ndipo amuna anga ndi kalipentala pafupi ndi msika. Nditumizireni kumbali dzina la abwana anuwo ndi pamene panali shedi yawo. Loweruka tikamapita kukagula matabwa tikafunsa kwa owotcherera a pamenepo.

Wa ku Joni:
Ndatumiza kale, mlamu. Mukawapeza mundiimbire pomwepo, ngakhale ndili pantchito ndiyankha.